Mutu 7: Mawaya Amene Amalume Anawotcherera

1. Chipangizo chabwera

Loweruka limenelo kunacha ndi mphepo ya mwera, ija yolowa mpaka m'mafupa ngakhale utavala majuzi awiri. Ku Area 23 aliyense ankayenda manja ali m'khwapa. Koma Thokozire, mtsikana wa Fomu 3, ankangozungulira pakhomo thukuta lili kamukamu. Ankadikira zinthu ziwiri tsiku limodzi: chipangizo chake ndi anapiye a mayi ake.

Nkhani ya anapiye inali bala pakhomopo. Chaka chatha mayi ake, a Veronica, anayesa kuweta nkhuku zoyera m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, akufunditsa anapiyewo ndi mbaula ya makala. Tsiku lina iwo ali ku maliro mbaula inazima, ndipo pobwera anapeza anapiye atatha psiti ndi kuzizira.

Chaka chino anagulitsa makina awo osokera kuti ayesenso. Mwina inu mukuti imeneyo si nkhani, koma makina amenewo ndi amene ankadyetsa banjalo. A Veronica ankanena okha kuti, "Awa akangofa, basi, ine ndilibenso china chogulitsa."

N'chifukwa chake Thokozire sankajomba ku kalabu ya sayansi ya kusukulu kwawo. Kumeneko, mothandizidwa ndi aphunzitsi a Tusekele, mayi wa ku Karonga wosadziwa kulankhula mozungulira, anapanga chipangizo cholondera anapiye.

Pakati pa chipangizocho panali kabolodi kakang'ono, kamene kanali ubongo wake. Ku kabolodiko kunalumikizidwa sensa, kachitsulo koyeza kutentha, komanso kakhadi ka memore ngati ka m'foni kosunga zonse zimene sensayo yayeza. M'khola mukazizira, kabolodi kankayatsa babu lofunditsa anapiye. Mukatentha kwambiri, kankalizimitsa. Atachiyesa kusukulu chinagwira ntchito bwinobwino. Vuto linali limodzi: mawaya ake anali ongosomeka, moti munthu akangogunda tebulo, wina ankazuka.

Amene anaona vuto limeneli anali a Enerst, amalume ake a Thokozire, achimwene awo a Veronica. Iwowa ndi amene anali eni puloti yonseyo, ndipo anali ndi benchi pamsika pomwe ankakonza mawailesi, ma TV ndi mafoni.

"Iwe Thoko, izi ndi zoseweretsa ana a mkaka," anatero ataona mawayawo. "Bwera nacho kuno. Ine ndinayamba kuwotcherera mawaya iwe usanabadwe n'komwe."

Tsopano m'mawa wa Lowerukalo a Enerst anabwera nacho. Koma ntchito yake inu! Anachiika m'bokosi la pulasitiki, ataboola kazenera koonera manambala. Waya aliyense anali atawotcherera ndi mtovu wonyezimira, pamwamba n'kumata guluu.

"Waona? Chisokonezo chonse chija ndachichepetsa. Ngakhale uchiponye pansi, palibe waya amene angazuke."

"Zikomo kwambiri, amalume," anatero Thokozire atagwada, akulandira ndi manja awiri.

A Enerst anakwera njinga yawo ulendo wa kumsika akuimba likhweru.

2. Manambala openga

Kachipinda ka kuseri kanali kokonzeka. Pansi panali utuchi, m'mbali atazunguliza makatoni, ndipo pakati pankalendewera babu lalikulu lofiira. Thokozire anatsitsa sensa mpaka pamsinkhu wa mwanapiye, n'kuyatsa chipangizo.

Kasikirini kanaonetsa madigiri 96.

Thokozire anatikita m'maso. Nambala inasintha, inafika pa 180. Kenako 64. Kenako 212. Zonsezi m'chipinda chimene munthu akunjenjemera mano akuombana! Babu linangoti zii, osayaka. Likanayaka bwanji, poti kabolodi kankakhulupirira kuti m'kholamo mukuyaka moto?

Anazimitsa n'kuyatsanso. Chimodzimodzi. Anagwedeza bokosilo, analiuzira mpweya, analimenya pambali monga timachitira tonse wailesi ikavuta. Manambala anapitiriza kudumphadumpha.

Nthawi yomweyo panja panalira hutala. Wakabaza wa njinga yamoto anali atafika ndi makatoni a zibowo, m'kati mwake muli phokoso lokhalokha la piye piye. Anapiye zana, obadwa dzulo lomweli.

A Veronica analowa atanyamula katoni yoyamba nkhope ili mwee. Atayang'ana babu, kumwetulira konse kunatha.

"Thoko, moto uli kuti?"

"Amayi, chikuvuta pang'ono."

"Pang'ono? Mayo ine! Iwe unandiuza kuti za mbaula ndiiwale. Taona anawa akunjenjemera!"

Anathamangira kukhitchini kukapala moto. Posakhalitsa mbaula yomwe ija inali pakona pa chipinda, utsi uli tolotolo. Thokozire anabwereka foni ya mayi ake n'kuimbira aphunzitsi a Tusekele. Anayamba kufotokoza zonse nthawi imodzi, mawu akugundana.

"Khala pansi kaye," anamudula aphunzitsiwo. "Wakhala? Tsopano tamvera. Chipangizo sichipenga, Thokozire. Wopenga ndi munthu amene akuchimenya, ndipo ndikudziwa kuti wachimenya kale. Chinthu chikasokonekera, ana inu mumafuna kugwira apa, kugwira apo, kusintha zinthu zisanu nthawi imodzi. Ndiye chikachira, mudziwa bwanji chimene chachiritsa? Chikafa, mudziwa bwanji chimene chapha? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mita ya kalabu ija uli nayo?"

"Ndili nayo, madamu."

"Yamba ndi mphamvu ya magetsi. Ona ngati sensa ndi kakhadi zikulandira mphamvu yokwanira. Ukatero uone waya wakuda, uja wobwezera magetsi, ngati akugwira ponseponse. Zimenezi zikakhala bwino, chotsa chinthu chimodzi chokha, uone chimene chisinthe. Chimodzi, wamva? Ukatha undiimbirenso."

3. Chimodzichimodzi

Thokozire anatsegula bokosi n'kutenga mita, kachipangizo ka zingwe ziwiri koyezera magetsi. Poyamba nsonga za zingwezo zinkaterereka. Anapumira m'mwamba n'kuyambiranso.

Mphamvu ya ku sensa inali yokwanira. Ya ku kakhadi inalinso yokwanira. Waya wakuda anali wogwira bwino paliponse. Amalume pa nkhani yowotcherera analidi katswiri.

Kumbuyo kwake anapiye ankakankhana kulowera kumene kunali mbaula. A Veronica ankawabweza ndi dzanja, kwinaku akukupiza utsi ndi chivindikiro cha poto.

Tsopano chochotsa. Sensa sakanaichotsa chifukwa inali yowotcherera. Chinthu chokhacho chotheka kuzula chinali kakhadi ka memore. Anakakankha ndi chikhadabo, kanatuluka.

Kasikirini kanaonetsa 17.

Nambalayo inakhazikika, osagwedezeka. M'bokosi munamveka kuti khethe, ndipo babu linayaka, chipinda chonse chinafiira. Patapita kanthawi 17 inasanduka 18, kenako 19.

"Chachira!" anafuula a Veronica.

"Dikirani kaye, amayi."

Thokozire anabwezera kakhadi kaja. Pomwepo manambala anayambiranso misala yawo, babu n'kuzima. Anakazulanso, babu linayaka. Anaimbanso foni.

"Ndiye kuti kakhadi ndi kowonongeka, madamu?"

"Usathamange. Kakhadi kameneko kankagwira ntchito Lachinayi, ine ndikuona. Ukukumbukira zimene ndinakuphunzitsani za SPI?"

"Munati ndi njira imene kabolodi kamalankhulira ndi zipangizo zina."

"Eya. Sensa ndi kakhadi zimagwiritsa ntchito mawaya atatu omwewo. Woyamba ndi wopereka kugunda, kuti onse aziyendera limodzi. Wachiwiri ndi wolankhulira kabolodi. Wachitatu ndi woyankhira. Tsono poti waya woyankhira ndi mmodzi, sangayankhe awiri nthawi imodzi. Zili ngati m'kalasi. Ine ndikafunsa funso, ndimatchula dzina, ndipo amayankha yekhayo amene ndamutchula. N'chifukwa chake pali waya wachinayi, wolembedwa CS, woitanira dzina. Ameneyo sabwerekana. Sensa ili ndi wake, kakhadi kali ndi wake. Tsopano zimitsa chipangizocho. Ika mita pamalo paja imalira. Khudza CS wa sensa ndi chingwe chimodzi, CS wa kakhadi ndi chinacho. Siyenera kulira."

Thokozire anachita zomwezo.

Mita inalira kuti tiii.

Anatembenuza kabolodi n'kusuzumira pansi pa guluu. Zonse zinaoneka poyera. Pa sensa panali zilembo zosonyeza waya aliyense, pa malo a kakhadi panalinso zilembo. Amalume anaona kuti mawaya atatu aja ndi ogawana, aliyense ndi mnzake wa zilembo zofanana. Ataona CS uku ndi CS uko, anawaphatikizanso n'kuwalowetsa pa mwendo umodzi wa kabolodi. Waya winayo anamuchotsa, poganiza kuti akungodzaza malo.

Kunena chilungamo, ndani akanawaseka? Pa wailesi chofiira chimapita kwa chofiira, chakuda kwa chakuda. Munthu wachita zimenezo moyo wake wonse ndipo mawailesi akhala akulira. Koma apa kabolodi kakaitana sensa, kakhadi nakonso kankavomera, onse awiri n'kuyankhira pa waya mmodzi. Manambala openga aja anali phokoso la awiriwo.

"Yalira, madamu. Mawaya awiriwo ndi ophatikiza."

"Waphatikiza ndani?"

Thokozire anayang'ana mayi ake, n'kutuluka panja. "Amalume," ananong'ona.

"Chabwino. Kukonza kwake n'kosavuta. Alekanitse awiriwo, abwezere waya amene wachotsedwayo pa mwendo wake. Koma tamvera bwino, mwana iwe, chifukwa ndikukudziwa. Panopa wazula kakhadi, babu layaka, ndipo mtima wako ukuti nkhani yatha. Siinathe. Kuzula kakhadi si kukonza, ndi kuphimba chilonda ndi nsalu. Vutolo likadali m'bokosimo, likungodikira tsiku lake. Chipangizo chimenecho chikusunga zamoyo, si choonetsa alendo. Aliyense wa pakhomopo amene angachigwire ayenera kudziwa chimene chalakwika, makamaka mwini wake amene anawotcherera. Uwauze lero. Uwauze mwaulemu, koma uwauze. Chetechete sautsa nyama. Wandimva?"

"Ndamva, madamu. Nanga sitingasinthe pulogalamu kuti..."

"Laputopu ili kusukulu, yotsekeredwa mpaka Lolemba. Ndipo ngakhale ikanakhala pano, ine sindikanalola kuti..."

Foni inaduka. Mayunitsi anali atatha.

4. Mawu a amayi

Dzuwa likupendeka, m'kachipinda muja munali mutafunda bwino. Kasikirini kanaima pa 33. Babu linkayaka ndi kuzima lokha, ndipo anapiye anamwazikana pautuchi, ena akujompha chakudya, ena akumwa madzi. A Veronica anatulutsa mbaula ija panja n'kuithira madzi.

Thokozire anawatsatira.

"Amayi, ndikufuna ndilankhule ndi amalume akabwera. Pali waya amene alakwitsa."

A Veronica anaika ndowa pansi. Anayang'ana ku zitseko za alendi, anthu ochita lendi papulotipo, n'kumukokera mwana wawo kuseri kwa bafa.

"Wati amalume ako atani?"

"Alakwitsa waya mmodzi. Akungofunika..."

"Tseka pakamwa. Chipangizo chikugwira ntchito kapena ayi?"

"Chikugwira, koma..."

"Ndiye vuto lili pati? Tamvera, Thoko. Tsiku lija bambo ako anamwalira, eni nyumba ku Kawale anatiuza kuti tisamuke maliro asanazizire n'komwe. Achibale a bambo ako anabwera ndi galimoto, anatenga mipando, anatenga bedi, n'kupita. Amene anabwera ndi wilibala kudzatola zotsalazo ndi ndani? Ndi amalume akowa. Nyumba tikugonamoyi ndi yawo. Kachipinda ka anapiyeka akanatha kuikamo walendi, koma anandipatsa ine. Kwathu ku Ntcheu amalume ndiye mwini mbumba. Tsiku lako la ukwati adzaimirira ndi iwowa. Ukadzadwala, woyamba kuuzidwa ndi iwowa. Munthu wotere wasiya ntchito za makasitomala ake, wakhalira chidole chakochi mpaka maso kufiira, ndiye iwe ukamuuze kuti sadziwa ntchito yake? Iwe, mwana wa dzulodzuloli?"

"Sindinena kuti sadziwa ntchito, amayi."

"Iwo adzamva choncho. Munthu wamkulu ali ngati mbiya, ikang'aluka sumata. Sukulu ndi yabwino, mwana wanga, ndipo ine ndimakunyadira. Koma sukulu isakuchotse ulemu. Aphunzitsi akowo akalankhula amabwerera kwawo, ife ndiye titsale pano tikuyang'anizana ndi achimwene m'mawa uliwonse. Lolemba upite nacho kusukulu, mukakonze mwakachetechete, nkhani ithere pomwepo. Wandimva?"

"Ndamva, amayi."

Tsiku limodzi lomwelo Thokozire anali atanena kuti "ndamva" kwa akuluakulu awiri, ndipo zimene anamvazo zinali zosemphana.

Kukonza yekha sikukanatheka. Chitsulo chowotcherera chinali cha amalume omwewo, ndipo waya anachotsedwa uja sankadziwa kumene anatayidwa. Anabwerera m'kachipinda muja n'kukhala pa chidebe, kakhadi kali m'manja.

5. "Zikuyenda?"

Belu la njinga linalira pageti kusanade. A Enerst sanalowe n'komwe m'nyumba mwawo, analunjika ku anapiye. Atasuzumira pakhomo anaona babu likuyaka, tianapiye tikuyendayenda, ndipo anaseka mpaka kuoneka mano a m'mbali.

"Ehee! Ndinanena ine! Alongo, bwerani mudzaone ntchito ya manja anga ndi mutu wa mwana wanu!"

A Veronica anabwera akupukuta manja pachitenje. Anaima kumbuyo kwa achimwene awo, maso ali pa Thokozire.

"Lero pamsika ndauza aliyense," anapitiriza a Enerst. "Ndati ine kwanga kuli injiniya wamkazi. Ena amatsutsa. Ndati mubwere mudzaone nokha." Anatembenukira kwa Thokozire. "Nanga bwanji, zikuyenda? Palibe chavuta?"

Mpata unali umenewo. Panalibe mlendo, panalibe walendi, anali atatu okha. Amalume anali osangalala, ndipo funso anafunsa okha.

Thokozire anatsegula pakamwa. Kumbuyo kuja mayi ake anapukusa mutu pang'ono.

"Zikuyenda, amalume. Palibe chavuta."

"Basi! Galu wamkota sakandira pachabe."

Atatuluka onse, Thokozire anakulunga kakhadi kaja m'kapepala n'kukaika pansi penipeni pa chikwama chake cha kusukulu. Anaganiza kuti wachenjera. Kakhadi kakakhala m'chikwama, ndani angakabwezere m'chipangizo? Lolemba silinali patali.

Komabe chakudya chamadzulo chija sichinamukomere. Mayi ake anamufunsa ngati akudwala, iye anati ndi mutu chabe.

6. Lamulungu

Kunacha kozizira kuposa dzulo lake. Mitambo inaphimba dzuwa, ndipo mphepo inkaliza malata. Asanapite kutchalitchi, Thokozire anasuzumira m'kachipinda muja. Nambala inali 33, anapiye ali bwinobwino. A Veronica anathira chakudya ndi madzi, n'kutseka chitseko ndi kamtengo.

"Achimwene, ife tapita. Muzisuzumirako kwa anawo."

"Pitani ndi mtendere," anayankha a Enerst, amene ankapemphera mapemphero a m'mawa kwambiri ndipo anali atabwerako kale.

Tsikulo kutchalitchi kunali ubatizo, kenako makwaya anaimba mosinthana, kenako zolengeza zosatha zija. Potuluka, amayi a chigwirizano anawaimitsanso a Veronica. Thokozire ankangoponda apa n'kuponda apo. Pamene ankafika pageti la kwawo, dzuwa linali litapendeka.

Phokoso analimva ali pageti pomwepo. Silinali piye piye wa anapiye okhuta. Kunali kulira kosongoka, kosalekeza.

Thokozire anataya Baibulo pakhonde n'kuthamanga. Atakankha chitseko, m'chipindamo munali mdima ndi kuzizira. Babu linali lozima. Pa kasikirini manambala ankadumpha: 140, 88, 205.

Pautuchi panalibe mwanapiye ngakhale mmodzi. Onse anali ataunjikana pakona imodzi, mulu umodzi, apamwamba akupondaponda anzawo pofuna kulowa pansi pofunda.

"Mayo! Mayo ine!" A Veronica anagwada pautuchi ndi zovala zawo za kutchalitchi n'kuyamba kuphwasula muluwo. Apamwamba anali amoyo, akunjenjemera. Apakati anali lefuu, maso otseka. Apansi anali ataphwatalala, miyendo itawongoka.

Thokozire anagwira bokosi lija. Pamalo polowetsa kakhadi, pamene dzulo anasiya popanda kanthu, panali kakhadi kena katsopano. Anakazula. Kasikirini kanaonetsa 16, ndipo babu linayaka.

Kuwala kofiirako kunaonetsa zonse. A Veronica ankatola amoyo n'kuwaika m'chitenje pachifuwa pawo, akufa n'kuwaika m'beseni. Beseni linkadzaza msanga kuposa chitenje. Sankalira mokweza. Ankangoti, "Makina anga osokera, makina anga osokera," misozi ikugwera pa anapiyewo.

Alendi anamva mfuu ija ndipo anadzaza pakhomo, akuluakulu ndi ana omwe. Kenako belu la njinga linalira, anthu n'kupatuka. A Enerst analowa atanyamula jumbo ya tomato.

"Kwagwanji kuno?"

A Enerst anaona beseni lija, jumbo n'kugwa pansi.

"Koma ine ndasiya zili bwinobwino! Inu mutangochoka ndinalowa kudzaona. Ndiye ndinaona kuti malo a memore ali pululu. Ndinati mwanayu wataya memore, akuopa kunena. Ine ndili nawo ambiri a mafoni, ndinatenga watsopano n'kumuikira. Manambala anayamba kuthamanga, ndinati eya, tsopano chayamba kugwira ntchito yake yonse. Babu litazima ndinati ndiye kuti kwafunda mokwanira. Kenako kasitomala wina anandiitana kukakonza TV ku Kawale." Anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana mwana uja. "Ndimafuna ndimusangalatse mwanayu."

Amalume sananame, ndipo sanachite mwano. Anachita zimene munthu wachikondi amachita akakhala kuti sanauzidwe.

Mayi wina walendi analankhula chapansipansi, koma aliyense anamva. "Zinthu za ana a sukuluzi. Mbaula inalakwa chiyani?"

A Enerst anamva mawuwo. Nkhope yawo inasintha.

"Ayi, musamunene mwanayu. Mwina sensayi ndi yachinyengo, zinthu za masiku ano n'zosadalirika. Mawaya ndiye ayi, ndinawotcherera ndekha." Anatola kakhadi kaja pamene Thokozire anakasiya. "Ndani wazulanso memore? Tiyeni tibwezere, ndione bwinobwino pamene pakuvuta."

Anawerama n'kugwira bokosi lija.

Anapiye otsala aja anali atangoyamba kubwerera pansi pa babu, akudzandira. A Veronica anadzutsa mutu. Anayang'ana dzanja la achimwene awo, anayang'ana anthu odzaza pakhomo, kenako anayang'ana mwana wawo. Ulendo uno sanapukuse mutu, komanso sanavomere.

Dzulo akanamva anthu atatu okha. Lero puloti yonse inali pakhomo, makutu ali tcheru.

Thokozire anagwada pautuchi, n'kuika dzanja lake pamalo polowetsa kakhadi.

"Amalume, pepani. Musakalowetse."

"Chifukwa?"

"Sensa ilibe vuto. Pali mawaya awiri amene munaphatikiza, osayenera kuphatikizidwa. Kakhadi kakalowa, babu limazima." Kenako anapitiriza. "Ndinazipeza dzulo. Munandifunsa, ine ndinati palibe chavuta."

Mwana wina anafuna kuseka, mayi ake anamutseka pakamwa.

A Enerst anaweramuka pang'onopang'ono, kakhadi kali pakati pa zala. Anayang'ana beseni lija nthawi yaitali. Atatembenuka, sanayang'ane Thokozire. Anayang'ana mlongo wawo.

"Veronica," anatero ndi mawu otsika, "iwenso umadziwa?"